Ladder, mabokosi kapena zolemba: wamagetsi wa ku Kasungu ayambe ndi chiti pa PLC?

Wamawaya_KU
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito ya zamagetsi pa kafakitale koyenga mafuta a mpendadzuwa ndi soya kuno ku Kasungu. Za ma contactor, star-delta ndi ma overload ndimazidziwa ndithu, ndakalambira momwemo. Tsopano abwana agula makina othira mafuta m'mabotolo, ndipo m'panel mwake mulibe ma relay ambirimbiri tinazolowera aja. Muli PLC, kakompyuta koyendetsa makina, ya Siemens, S7-1200. Dzana lamba woyendetsa mabotolo wangoima. Mota ili bwino, overload sinagwe, magetsi akufika. Kunabwera mnyamata wina ndi laputopu kuti tione pulogalamu. Ine ndimayembekeza kuona ladder yomwe ndinaionako pa YouTube, koma tinapeza mawu okhaokha: IF, THEN, END_IF, CASE. Ndinangoti kakasi. Ndiye ndikufunsa, munthu ngati ine ndiyambe kuphunzira chilankhulo chiti? Komanso bwanji wina akuti ST, wina SCL, wina STL? Ndi chinthu chimodzi kapena akungotizunguza mitu?

MadalaRelay
Ladder basi, achimwene. Zinazo nzodzionetsera za anyamata a ku yunivesite.

Nabanda_ST
Tayambapo kale kutukwanidwa tisanapereke ndi moni yemwe kkkk. Madala, mudikire kaye.

A Wamawaya, musanaganize za chilankhulo, bwererani pa panel muyang'ane timagetsi tobiriwira tili pa PLC penipenipo. Input iliyonse ili ndi kake, output iliyonse ili ndi kake. Dutsitsani dzanja kutsogolo kwa sensor yoona mabotolo, muone ngati kagetsi kake kakuyaka ndi kuzima. Pulogalamu siisintha yokha usiku anthu ali mtulo. Makina akakhala kuti amayenda bwino dzulo, lero aima, kawirikawiri vuto limakhala panja: sensor, waya wothothoka, 24V yatsika, kapena chitseko cha makina chomwe sichinatsekeke bwino.

Mphunzitsi_Panel
Ndiyankhe za mayinazo, chifukwa ana anga a sukulu nawonso amasokonezeka pomwepa chaka ndi chaka.

Pali ndondomeko ya dziko lonse yotchedwa IEC 61131-3, yomwe inatuluka koyamba mu 1993. Inatchula njira zisanu zolembera pulogalamu ya PLC. Ladder Diagram ndi ija imaoneka ngati chojambula cha mawaya. Function Block Diagram ndi mabokosi olumikizana ndi timizere, bokosi la AND, la OR, la timer. Structured Text ndi zolemba zomwe mwazionazo, ndipo kalembedwe kake kanatengera Pascal. Instruction List ndi malamulo afupiafupi, lamulo limodzi pa mzere. Sequential Function Chart ndi yosanja ntchito m'masitepe, ndipo inachokera ku Grafcet ya ku France.

Chisokonezo chimabwera chifukwa kampani iliyonse inali kale ndi mayina ake ndipo sinafune kuwataya. Ku Siemens, Structured Text amaitchula kuti SCL. Ndiye ST ndi SCL muzitenge ngati chinthu chimodzi. Koma STL ndi china, ndi mbale wake wa Instruction List. Chilembo chimodzi chokha chikusiyanitsa, koma mukaziona pa sikirini sizifanana n'komwe. Instruction List anailemba kuti ndi yotha ntchito mu kope la 2013 la ndondomeko ija, choncho musataye nayo nthawi pokhapokha mutakumana ndi makina akale. Ndipo S7-1200 yanuyo siilandira STL. Imalandira LAD (ladder), FBD (mabokosi aja) ndi SCL. Chomwe mwaonacho ndi SCL.

Wamawaya_KU
Zikomo aphunzitsi, apa mwanditsegula m'maso. Achemwali a Nabanda, ndikayang'ana mawa m'mawa.

MadalaRelay
Mwana wanga Nabanda, sindikutukwana ayi, koma tamverani mbiri. PLC inabadwa chifukwa a General Motors ku America anatopa ndi makabati a ma relay omwe ankayenera kulumikizidwanso mawaya nthawi iliyonse akasintha mtundu wa galimoto. Mu 1968 anapempha makampani kuti apange chipangizo cholowa m'malo mwake, ndipo gulu la Dick Morley linabwera ndi Modicon 084. Nanga ankati adzikonza makinawo ndani? Amagetsi a m'fakitale, anthu ngati a Wamawaya ndi ine. N'chifukwa chake ladder inafala: munthu wodziwa kuwerenga chojambula cha start-stop amaimva tsiku lomwelo. Ukalumikiza laputopu makina akuyenda, mzere umasanduka wobiriwira mpaka pamene "magetsi" akuthera, ndipo umaloza ndi chala kuti vuto lili apa. Pa zolemba zanuzo umaloza chiyani?

Nabanda_ST
Pa kusaka vuto la mabatani ndi ma sensor, ndikugwirizana nanu madala. Ladder palibe woiposa. Ine ndemwe ndikamalemba za mota, ma interlock ndi ma alamu ndimalemba mu ladder, chifukwa ndimadziwa kuti wodzadzuka nazo 2 koloko usiku si ine.

Koma tiyeni tinene zoona. Makina othira mafuta samangoyatsa ndi kuzimitsa. Amayenera kuwerengera kuti botolo la malita 2 lithiridwe nthawi yaitali bwanji, la malita 5 bwanji, asunge chiwerengero cha mabotolo a tsiku lonse, asinthe liwiro la pampu. Masamu amenewo mu ladder amakhala mabokosi otsatizana mpaka kudzaza sikirini, pomwe mu SCL ndi mzere umodzi. Komanso ntchito yake imayenda m'masitepe: botolo lafika, lamba waima, mpopi watsika, valavu yatseguka, yatsekeka, mpopi wakwera, lamba wayenda. Zoterezi zimakoma mu SFC ya masitepe ija, yomwe a Siemens amaitchula GRAPH, koma GRAPH pa S7-1200 palibe. Ndiye olemba ambiri amagwiritsa ntchito CASE mu SCL, sitepe 10, sitepe 20, sitepe 30. Amene analemba pulogalamu yanuyo sankadzionetsera, a Wamawaya. Mukapeza dzina lomwe lili pambuyo pa mawu oti CASE, muone nambala yomwe ili m'menemo makina akaima. Nambalayo ikuuzani sitepe yomwe akanirira, ndipo mukawerenga pa sitepeyo muona chomwe akudikira.

Mphwanu_wa_Nkhamenya
Aunt a Nabanda, ndine mwana wa sukulu ya ntchito zamanja, chaka chachiwiri. Tatiwonetsaniko chitsanzo chachifupi cha ST, sitinafikepo.

Nabanda_ST
Nachi:

IF Botolo_Lafika AND NOT Ladzaza THEN
Valavu := TRUE;
ELSE
Valavu := FALSE;
END_IF;

Mayinawo ukhoza kulemba m'Chichewa momwemo, PLC ilibe nazo ntchito. Uonetsetse timadontho tiwiri tili kutsogolo kwa chizindikiro cha = pamene ukupereka mtengo. Chizindikiro cha = chokhachokha ndi chofananitsira. Koma msampha weniweni uli pa ELSE. Ukaichotsa, valavu idzatseguka ndipo siidzatsekekanso, chifukwa palibe paliponse pomwe wauza PLC kuti itseke. Mu ladder coil, chizindikiro choimira output, imazima yokha mzere ukaduka. Mu ST chinthu chimakhala momwe unachisiyira mpaka utachiuza china. Anthu ochokera ku ma relay ambiri amagwera pamenepa, mafuta n'kuyenderera pansi.

MadalaRelay
Mwamva nokha. Mafuta kuyenderera pansi. Pa ladder sizingachitike.

Kaphiri_Sparks
Zimachitika madala, musatinamize. Ikani coil ya Set muiwale ya Reset muone.

Ndiponso ladder ili ndi bodza lake lomwe limapweteka amagetsi kuposa anthu a makompyuta. Imaoneka ngati mawaya koma si mawaya. PLC imawerenga kaye ma input onse, kenako imayenda mu pulogalamu kuchokera pamwamba kutsika, mzere ndi mzere, kenako ndi pamene imalemba ma output, n'kuyambiranso, zonsezi m'kanthawi kochepa kwambiri. Ndiye mukaika coil ya output Q0.0 pa mzere wachitatu n'kuikanso Q0.0 yomweyo pa mzere wa makumi awiri, wapansiyo ndi amene amapambana. Mzere wam'mwamba umaoneka wobiriwira bwinobwino koma contactor osakoka. Ndinakapeza zimenezi pa pampu ya pa esiteti ina kupitirira Chinkhoma. Wina anawonjezera mzere wa "manual" pansi penipeni pa pulogalamu, ndipo "auto" inasiya kugwira ntchito. Anali atasintha kale contactor ndi relay ziwiri zabwinobwino.

Kamwendo24V
Moni a ku Kasungu, ine ndili ku Mchinji. Kuno makina ambiri osenda ndi kusankha mtedza omwe ndakumana nawo amabwera ndi Delta kapena Mitsubishi, kapena tima PLC topanda dzina lodziwika tomwe timatsanzira Mitsubishi FX. Ladder ndi yomweyo koma mayina ndi ena. Input si I monga pa Siemens, ndi X. Output si Q, ndi Y. Ndipo kawerengedwe kake n'kodabwitsa: X0 mpaka X7, kenako X10. X8 ndi X9 kulibe, chifukwa amawerenga m'magulu a zisanu ndi zitatu. Mnyamata wanga wophunzira anayendayenda m'panel kufunafuna terminal ya X8 mpaka thukuta. Timer nayo amalemba T0 K50, kutanthauza masekondi 5, chifukwa T0 imawerenga magawo khumi pa sekondi iliyonse ndipo K akungonena kuti iyi ndi nambala wamba. Pa Siemens yatsopano mumangolemba T#5s pa bokosi la timer lotchedwa TON. Zili ngati Chinyanja cha ku Chipata ndi Chichewa chathu: mumamvana ndithu, koma mukapupuluma pa mawu ena mugula chomwe simunafune.

Mphunzitsi_Panel
Ndiwonjezere pa zomwe anena a Kamwendo. Allen-Bradley, mtundu wina wa ma PLC, nayonso ili ndi zake. Contact yomwe ena amati normally open iwo amati XIC, inayo XIO, coil ndi OTE, Set ndi Reset ndi OTL ndi OTU. Pa ma PLC ake a SLC 500 ndi MicroLogix mupeza malo osungira zinthu otchedwa B3, N7, T4, C5. Ndipo amene mumagula makina ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Germany muchenjere. Pa Siemens yoikidwa m'Chijeremani input ndi E, output ndi A, ladder ndi KOP, mabokosi ndi FUP, STL ndi AWL. Choopsa n'chakuti mu STL ya Chingerezi chilembo A chili kumayambiriro kwa mzere chimatanthauza AND, pomwe m'Chijeremani AND ndi U, ndipo A ndi output. Munthu ukhoza kuwerenga tsamba lonse mozondoka.

Chigayo_Santhe
Ine sindine wamagetsi, ndine mwini chigayo ndi makina opanga chakudya cha nkhuku. Zonse mukukambazi ndikungomva ngati mvula pa malata. Changa ndi chimodzi. Amene anandimangira makina osakanizira anaika password mu PLC ndipo sanandisiyire kalikonse. Kakavuta kanthu kakang'ono ndimayenera kumuimbira, kumutumizira ya mafuta a galimoto kuchokera ku Lilongwe, ya chakudya, ya ntchito. Akakhala kuti watanganidwa, makina amagona sabata yathunthu, alimi a nkhuku n'kupita kwina. Ladder kapena zolemba, ine ndilibe nazo kanthu ngati chitseko chili chokhoma.

Kaphiri_Sparks
Bwana, nawo amateteza thukuta lawo. Mukawapatsa pulogalamu ena amakakopera pa makina khumi osalipira. Komanso ena a inu mumatsala ndi ngongole, password ndiye chikole chake kkkk.

Chigayo_Santhe
Ine ndinalipira zonse, mphwanga, mpaka tambala yomaliza.

Nabanda_ST
Apa ndili mbali ya a Chigayo. Ngati munthu walipidwa kuti alembe pulogalamu ya makina anu, pulogalamuyo ikhale gawo la katundu amene mwagula. Muzilemba m'pangano musanapereke ndalama yomaliza: chojambula cha mawaya, mndandanda wa ma input ndi ma output, fayilo ya pulogalamu pa fulashi, password mu envelopu, komanso dzina ndi nambala ya mtundu wa sofutiweya yomwe analembera. Wolemba akafuna kubisa kagawo kamodzi komwe ndi luso lake lenileni, akhoza kukhoma bokosi limenelo lokha, zinazo n'kusiya poyera. Kukhoma ngakhale mzere woyatsira mota si kuteteza luso, ndi kumanga kasitomala chingwe m'khosi.

Ndipo fayilo yoyambirira ndi yofunika ngakhale password palibe. Pa ma PLC akale ngati S7-300 kapena SLC 500, mukakoka pulogalamu kuchokera m'makina mumapeza malamulo okha, mayina ndi ndemanga palibe, chifukwa zinkatsala mu kompyuta ya wolemba. Mumangoona M10.3, M10.4, osadziwa kuti ndi chiyani. Ladder yopanda ndemanga ndi yovuta kuposa ST yolembedwa mayina omveka.

MadalaRelay
Pamenepo pokha mwana iwe wanena zoona.

Wapampu_Bua
Poti mwatchula za kukoka pulogalamu, ndichenjeze a Wamawaya asanagwire laputopu. Pa foni tinazolowera kuti download ndi kutenga chinthu kubweretsa kwa ife. Pa PLC ndi mosemphana. Download ndi kuchotsa mu laputopu kulowetsa mu PLC, upload ndi kuchotsa mu PLC kubweretsa mu laputopu. Pa sikimu ina ya mthirira kuno, mnyamata wina ankafuna kusunga pulogalamu ya mapampu kuti isadzatayike. Anatsegula fayilo yopanda kanthu n'kudina download. Pulogalamu yonse inafafanizika, ndipo amene anailemba anali atachoka m'dziko muno kalekale. Chimanga chinali chitamasula ngayaye, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili ng'aa. Tinayendetsa mapampu pamanja mpaka kukolola. A Mitsubishi anachita bwino, iwo amangolemba kuti Read from PLC ndi Write to PLC.

Kamwendo24V
Eish, Okutobala. Koma a Wapampu, chimanga chachiwisi chikuyenda bwanji kumeneko? Kuno mavenda atipha.

Wapampu_Bua
Akubwera ndi malole mpaka kumunda, mtengo amatchula okha. Mseu ukakhala woipa ndiye amapezerapo chifukwa chotsitsira.

Chigayo_Santhe
Soya nayenso chimodzimodzi. Pokolola amagula motchipa, ife tikamafuna wa chakudya cha nkhuku mu Disembala wakwera kawiri.

Adimini_wa_Gulu
Abale, za mavenda zili ndi gulu lake. Tibwerere ku PLC.

Wamawaya_KU
Ndabwera ndi lipoti. Ndinadutsitsa dzanja pa sensor yoona mabotolo, kagetsi ka I0.3 osasuntha, kangoyaka nthawi zonse. Nditayang'anitsitsa, kagalasi kobwezera kuwala kali tsidya lina la lamba kanali katamatirira mafuta osakanikirana ndi fumbi la keke ya mpendadzuwa, bii. PLC imaganiza kuti pali botolo lomwe silikuchoka. Ndapukuta ndi kansalu, lamba wayenda. Laputopu sinafunike. Koma kuphunzira ndikufunabe, chifukwa tsiku lina sikadzakhala kagalasi.

Ndili ndi funso lina. Mnyamata uja anandionetsa kagawo kena ka pulogalamu komwe kali mu ladder. Batani la stop pa chojambula cha mawaya ndi normally closed, monga mwa nthawi zonse. Koma mu ladder analijambula ngati normally open. Ndinamuuza kuti apa analakwitsa, iye akuti ayi. Wolondola ndani?

Mphunzitsi_Panel
Mnyamatayo walondola, ndipo funso limeneli ndi lomwe limasiyanitsa wamagetsi amene wayamba kuimva PLC ndi amene akuionabe ngati bokosi la ma relay.

Chizindikiro cha mu ladder si chithunzi cha batani. Ndi funso lomwe PLC ikufunsa pa terminal yake. Timizere tiwiri topanda chodutsa pakati tikufunsa kuti: kodi pa input iyi pali magetsi? Tokhala ndi kamzere kodutsa tikufunsa kuti: kodi palibe? PLC siidziwa kuti kunja mwalumikiza batani la mtundu wanji, imangoona 24V kapena kusowa kwake. Batani la stop ndi normally closed, choncho pamene palibe walidina, 24V ikufika pa input. Inu mukufuna mota iziyenda pamene magetsiwo alipo, ndiye mumafunsa funso loyamba lija. Wina akadina, magetsi amaduka, yankho limakhala ayi, mota imaima.

Ubwino wake ndi uwu: khoswe akadya waya wa stop, kapena terminal ikamasuka ndi kunjenjemera kwa makina, mota imaima yokha ndipo mumadziwa kuti pali vuto. Mukachita mosemphana, kuika batani la normally open kunja kuti ladder ioneke "bwino", waya ukaduka simudziwa kanthu mpaka tsiku lomwe munthu adzadine stop makina osaima.

Kaphiri_Sparks
Ndipo emergency stop, batani lofiira la bowa lija, lisadalire pulogalamu ya PLC wamba. Lidule magetsi a ma contactor kudzera pa mawaya kapena pa safety relay. Ku PLC kuzingopita uthenga woti ladinidwa.

MadalaRelay
Mwaona? Mapeto ake mwabwerera kwa ife a mawaya.

Wapampu_Bua
Pali china chomwe mabuku a kunja sachilabadira kwenikweni koma kuno n'cha tsiku ndi tsiku: kuthimathima kwa magetsi. Muzidzifunsa pa pulogalamu iliyonse kuti magetsi akabwerera chichitike n'chiyani. Ma PLC ali ndi malo ena osunga zinthu omwe saiwala magetsi akazima. Ndi abwino posunga chiwerengero cha mabotolo kapena maola omwe pampu yayenda. Koma mukasungamo lamulo loti mota iyende, magetsi akangobwera makina amadzuka okha, mwina wina ali ndi dzanja m'kati akuchotsa zokakamira poganiza kuti magetsi kulibe. Pa Allen-Bradley, OTL imakumbukira. Kwa pampu ya pa chitsime yomwe ili yokhayokha kutchire mwina mukufunadi kuti iyambe yokha, koma ikani timer idikire kaye magetsi akhazikike, chifukwa nthawi zina amabwera n'kuzimanso, kapena amabwera phase imodzi palibe. Kwa makina omwe pali anthu, munthu adinenso start.

Mphwanu_wa_Nkhamenya
Nanga mabokosi aja a FBD palibe wawatchula. Ndi achabe?

Kamwendo24V
Si achabe mphwanga. Tima relay tanzeru ngati LOGO! ya Siemens ndi Zelio ya Schneider anthu ambiri amatilemba ndi mabokosi. Pa ntchito zazing'ono monga kudzaza thanki, kusinthanitsa mapampu awiri, magetsi a panja, belu la pasukulu, n'zokwanira ndipo n'zotchipa kuposa PLC yaikulu. Pa kuwongolera kutentha kapena mphamvu ya madzi m'paipi, mabokosi amaonetsa bwino kuti nambala ikuchokera kuti kupita kuti. Akachuluka ndi pamene timizere timapiringizana mpaka maso kuwawa.

Nabanda_ST
A Wamawaya, pa TIA Portal, sofutiweya yolembera mapulogalamu a ma PLC a Siemens, gawo lolembedwa mu LAD mukhoza kulitembenuza kuti lioneke ngati FBD, n'kulibwezanso. Koma SCL siitembenuka kukhala ladder, musavutike kufunafuna batani lake.

Ndikupatseni chitsanzo china chomwe mudzakumane nacho posachedwa, poti muli ndi matanki a mafuta. Sensor yoyeza kuchuluka kwa mafuta imatumiza 4 mpaka 20 mA. Siemens imasandutsa zimenezo kukhala nambala, 0 pa 4 mA ndi 27648 pa 20 mA. Tinene kuti thanki ndi yoimirira, yofanana kukula kuyambira pansi mpaka pamwamba, ya malita 5000, ndipo sensor inaikidwa kuti 20 mA ikhale thanki yodzaza. Mukaona 13824, ndiye kuti ndi 12 mA, theka, malita 2500. Mu ladder mumagwiritsa ntchito mabokosi awiri, NORM_X ndi SCALE_X. Mu SCL mumagawa ndi 27648.0 n'kuchulukitsa ndi 5000.0 pa mzere umodzi. Chifukwa choyambira pa 4 osati pa 0 ndi chomwe anafotokoza aphunzitsi pa batani la stop: waya ukaduka mumapeza 0 mA, ndipo PLC imatha kusiyanitsa thanki yopanda kanthu ndi waya woduka. Dziwaninso kuti ma analog input omwe ali pa CPU ya S7-1200 penipenipo ndi a 0 mpaka 10V. Ya mA imafuna module yowonjezera.

Wamawaya_KU
Ndiye ndikamva bwino, ndiyambe ladder, kenako ndiphunzire kuwerenga SCL?

Mphunzitsi_Panel
Eya. Yambani ndi zomwe manja anu akudziwa kale. Lembani start-stop yodzigwira yokha, kenako forward-reverse yokhala ndi interlock, kenako star-delta ya timer. Mukatero phunzirani ma timer atatu, TON, TOF ndi TP, ndi counter. Pa SCL cholinga chanu choyamba chikhale kuwerenga, osati kulemba. IF, CASE ndi FOR zikakulowani, mapulogalamu ambiri a makina ngati anuwo mudzawatsata.

MadalaRelay
Ine ndikuti ladder yokha imukwanira mpaka kupuma ntchito.

Nabanda_ST
Madala, makina ali pamaso pawo lero ali mu SCL. Akauze abwana awo kuti abweze?

MadalaRelay
Kkkk mwana uyu alibe ulemu. Chabwino, awerenge. Koma inu olemba muzikumbukira kuti ku Kasungu kulibe injiniya pa ngodya iliyonse. Zomwe zingalembedwe mu ladder muzilemba mu ladder, masamu anuwo muziwatsekera m'kabokosi kamodzi kolembedwa dzina lomveka.

Mphwanu_wa_Nkhamenya
Vuto lathu ana a sukulu ndi zipangizo. PLC ndi yodula, ndalama zakunja zikusowa, sofutiweya nayo akuti imafuna layisensi. Tiphunzirira pa chiyani?

Kaphiri_Sparks
Sufunika PLC kuti uyambe. CODESYS, yochokera ku Germany, ndi yaulere kuika pa kompyuta, ili ndi ladder, FBD, ST ndi SFC, ndipo imatha kuyesa pulogalamu popanda chipangizo chilichonse. Imatsata mayina a IEC aja anatchula aphunzitsi, ndiye ukaidziwa suvutika kwina. Palinso OpenPLC, yaulere, yomwe imayenda pa Arduino ndi Raspberry Pi ngati ukufuna kuona kagetsi kenikeni kakuyaka. WPLSoft ndi ISPSoft za Delta ndi zaulere, Zelio Soft nayonso. TIA Portal ndi yolipira, ngakhale ili ndi nthawi yoyesera ya masiku 21, ndipo ndi yolemera kwambiri. Laputopu yofooka imalira nayo. Usayese kuikoka ndi bandulo ya pa foni, pita kwa wina amene ali nayo kale kapena pamalo pa intaneti yamphamvu.

Kamwendo24V
Ndipo musaiwale zingwe. Ma PLC akale aliyense ali ndi chingwe chake, ukachiiwala kunyumba ulendo wonse wapita pachabe. Ndimayenda ndi kathumba kodzaza zingwe zokhazokha.

Nabanda_ST
Ya a Wamawaya ndi yosavuta, chingwe cha Ethernet wamba. Chofunika ndi kuika IP ya laputopu m'gulu limodzi ndi ya PLC. Loweruka likubwerali ndidutsa pa M1 kupita kumudzi, ndikhoza kuima pa boma masana. Ngati abwana anu alola, tidzachite upload tisunge pa mafulashi awiri, imodzi ya ofesi, ina yanu, kenako ndidzakuonetseni pomwe pali CASE ija. Mundijambulire chizindikiro chili pambali pa CPU, pomwe pali nambala yoyamba ndi 6ES7, ndidziwe ngati TIA Portal yomwe ndili nayo igwirizane nayo.

Wamawaya_KU
Ndijambula mawa achemwali, abwana ndawauza kale ndipo avomera. Mudzapeze botolo la mafuta likukudikirani.

Chigayo_Santhe
Mayi, Santhe sikutali ndi njira yanu. Nanga ya password ija pali chomwe mungachite?

Nabanda_ST
Kuthyola ayi, bambo. Pa ma PLC ambiri njira yochotsera password yomwe simukuidziwa imafafaniza ndi pulogalamu yomwe, mutsala ndi bokosi lopanda kanthu. Yambani mwakambirana ndi amene anaikayo, mwina ndi kangachepe atulutsa. Akakana, chotsala ndi kulemba ina kuyambira pachiyambi, ndipo pamenepo ndifunika kudziwa mtundu wa PLC, kuchuluka kwa mamota, ndiponso ngati sikelo yoyezera imalankhula ndi PLC kudzera pa Modbus kapena pa 4 mpaka 20 mA.

Chigayo_Santhe
Mamota ndi anayi. Za Modbus sindikudziwa, koma kuchokera pa sikelo pali kachingwe kotuwa ka mawaya awiri opotana. Ndikatsegule panel ndijambule magetsi akabwera, kuno azima kuyambira m'mawa.